Mwala wa m'maziko ukamayoyoka: chimene chikuudya ndi mmene mungachiletsere

Mvula ikatha, dzuwa la kuno kuchigwa cha Shire n'kuyamba kuwotcha, alipo anthu amene amadzuka m'mawa n'kupeza mchenga wofiirira utaunjikana m'tsinde mwa khoma ngati usiku kunadutsa chiswe. Asesa lero, mawa wabweranso. Ukakanda mwalawo ndi chikhadabo ukuyoyoka, pamwamba pake pali zoyera ngati ufa wa kondowole, ndipo pulasitala wa m'munsi watupa moti ukamugogoda akulira ngati ng'oma. Ine zinandigwera pa nyumba imene ndinamanga kumadzulo kwa Ngabu, ndipo ndinawononga simenti zaka ziwiri zotsatizana ndisanadziwe chimene ndikulimbana nacho.

Mmisiri amene anandimangira atabwera kudzaona anangoti, "Bwana, mwala uwu ngwowola. Tiumate simenti yamphamvu basi, nkhani ithe." Tinamata. Pasanathe chaka simentiyo inamatuka zibanthu zazikulu, chilichonse chitanyamula khungu la mwala kumsana kwake, ndipo kuyoyoka kunali kutakwera mpaka m'mawondo pamene kale kunkalekeza m'kakolo. Mwalawo sunali wowola. Unkadyedwa ndi mchere umene madzi ankabweretsa, ndipo simenti yathu inangothandiza mcherewo.

Mwala wake ndi wotani

Mwala umene tikunenawu ndi wamchenga, umene m'mabuku a sukulu amautcha sandstone, ndipo ndi mchenga weniweni umene unagwirana. Zaka pakati pa 300 miliyoni ndi 180 miliyoni zapitazo mitsinje inkakokolola mchenga n'kukautaya m'zigwa, monga umachitira mtsinje wa Mwanza lero ukasefukira. Wina unkagwera pamwamba pa unzake, kulemera kwa wapamwamba kunafinya wapansi, ndipo madzi oyenda m'nthaka anasiya zomatira pakati pa timchengato. Akatswiri a miyala amaitcha miyala ya nyengo imeneyo Karoo, dzina la dera lina la ku South Africa kumene yafala kwambiri. Kuno imapezeka kumadzulo kwa chigwa, cha ku Lengwe ndi ku Mwabvi, ndipo m'miyala yomweyo ndi mmene muli malasha a m'madera amenewo. Amene anafikako ku phompho la mtsinje wa Mwabvi anaona mizere yake mmene yasanjikizirana. Kum'mawa, m'mapiri otsikira kuchokera ku Thyolo ndi ku Blantyre, mwala wake ndi wina, wothinana, ngati umene amaswa kwale. Umenewo nkhani ino siukhudza kwenikweni.

Mphamvu ya mwala wamchenga ili mu zomatira zija. Timchengato paokha n'tolimba kuposa chitsulo cha mpeni, koma chimene chatigwirizitsa chimasiyana mwala ndi mwala, ngakhale pa phiri limodzi. Wina unamatidwa ndi silika, chinthu chomwecho chimene timchengato tinapangidwa nacho, ndipo umenewo ndiye wolimba zedi. Wina unamatidwa ndi laimu. Wina ndi dzimbiri la chitsulo, limene limaupatsa mtundu wofiira uja. Wofooka kuposa yonse ndi womatidwa ndi dongo, chifukwa dongo likanyowa limatupa n'kufewa. Ndipo yonseyi ili ndi timibowo tosaoneka ndi maso, ina tochepa, ina tochuluka mpaka gawo limodzi mwa magawo asanu a mwala wonse. Timibowo timeneti timakoka madzi kuchokera pansi monga chingwe cha koloboyi chimakokera palafini.

Tsono onani zimene zimachitika. Madzi a m'nthaka ya kuno m'malo ambiri ali ndi mchere. Palibe wofunika kumuuza zimenezi amene anamwapo madzi a mijigo ina ya ku Nchalo kapena ku Ngabu, ndipo makolo athu ankatcheza mchere kuchokera m'dothi lomweli. Madziwo akakwera m'mwala amafika pamene dzuwa ndi mphepo zikuwapeza, amauma, koma mchere suuluka, umatsala. Ukatsalira kunja ndiwo ufa woyera uja, ndipo umenewo suvulaza kwambiri. Woopsa ndi umene umaumira m'kati mwa timibowo, pansi pa khungu la mwala, chifukwa timibulu take tikamakula timakankha timchenga n'kutilekanitsa. Mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kukamapitirira madigiri 40, ntchito imeneyi imachitika tsiku ndi tsiku: usiku mwala wamwa, masana wauma. N'chifukwa chake kuyoyoka kumachuluka m'chilimwe, pamene munthu ungaganize kuti khoma lili pa mtendere.

Yambani mwatsimikiza kuti vuto ndi limeneli

Si chilichonse chochitika m'maziko chimene chili cha mchere. Ngati miyala ili yolimba koma khoma lang'ambika mng'alu wokwera ngati masitepe, umene umatseguka m'chilimwe n'kutsekeka m'dzinja, mlandu ndi wa dothi la makande. Limatupa likanyowa, limakhwinyata likauma, ndipo limanyamula nyumba n'kuitsitsa. Pamenepo kusintha miyala n'kungotaya ndalama, pafunika mmisiri aone kuya ndi kutambalala kwa maziko.

Vuto la mchere limadziwika ndi malo ake. Limayambira pansi n'kulekeza pa mzere woonekeratu, kawirikawiri osapitirira mita imodzi, ndipo pa mzere pomwepo ndi pamene pamadyeka kwambiri chifukwa ndi pamene madzi amaumira. Tengani pang'ono ufa woyerawo muike m'kapu ya madzi. Ukasungunuka ndi mchere. Ena amalawa, ndipo wina umakoma ngati wa m'ndiwo, wina umawawa, koma ngati khomalo lili pafupi ndi chimbudzi kapena khola musayerekeze. Kuti mudziwe ngati khoma likadamwabe, matani kapulasitiki koonekera m'kati pa mwalawo, mutseke m'mbali monse ndi tepi, musiye tsiku lathunthu. Mukapeza thukuta kunsi kwake, madzi akadali kubwera.

Madzi akuchokera kuti

Ili ndilo funso lalikulu, ndipo musagule thumba la simenti ngakhale limodzi musanaliyankhe. Zungulirani nyumba yonse, muone mbali imene yadyeka kwambiri, kenako muone chimene chili mbali imeneyo.

Kwanga kunali kuseri, ndipo nditayang'anitsitsa ndinachita manyazi. Bafa la udzu tinalimanga mapazi atatu kuchokera pa khoma, madzi ake onse ankatsikira m'tsinde mwa nyumba. Mayi a kunyumba ankatsukira mbale pakona yomweyo, madzi a pa mjigo wathu amene sopo sachita nawo thovu. Tsiku lililonse tinkathirira maziko ndowa zingapo za madzi amchere, ife eni ake, kwinaku tikudandaula kuti mwala ngwowola. Kwa ena ndi maluwa kapena nthochi zobzalidwa m'mbali mwa khoma zimene amazithirira m'mawa ndi madzulo. Kwa ena ndi khola la mbuzi logundana ndi nyumba, pakuti mkodzo wa ziweto nawo umasiya mchere wake m'dothi. Ndinaonapo nyumba ina imene inadyeka m'kati, chipinda chimodzi chokha, ndipo m'chipindamo ndi mmene ankasanjikamo matumba a feteleza pansi penipeni, atatsamira khoma. Feteleza ndi mchere ndithu, akangopeza chinyezi amalowa.

Onaninso denga. Malata ofupika amagwetsera madzi pafupi ndi khoma, madziwo n'kumadumphira pa miyala ndi kulowa pansi pomwepo. Onani dothi: nyumba zambiri zimakwiririka pang'onopang'ono, makamaka kumene madzi osefukira anasiya matope, mpaka dothi limafika pamwamba pa pepala lakuda la DPC, limene amaliyala pamwamba pa maziko kuti chinyezi chisakwere m'khoma. Likatero pepalalo ntchito yake yatha, madzi akulilambalala. Liyenera kukhala masentimita 15 kapena kuposa pamwamba pa dothi. Ndipo funsani amene anamanga ngati pepalalo analiikadi. Nyumba zambiri za miyala alibe, chifukwa pamwamba pa miyala sipakhala posalala ndipo amisiri ena amaona ngati n'chintchito kuyamba asalaza ndi matope kuti pepala ligone bwino.

Pali gwero lina limene anthu saliganizira, ndilo madzi ndi mchenga zimene anamangira. Ngati matope anakandidwa ndi madzi a mjigo wamchere, kapena mchenga unatapidwa pamalo pamene dothi limachita zoyera m'chilimwe, mchere unalowa m'khoma tsiku lomanga lomwelo. Chizindikiro chake n'chakuti zoyera zimatuluka m'mizere ya matope paliponse, ngakhale m'mwamba, osati m'munsi mokha. Ubwino wake ngwakuti mchere wotero uli ndi polekezera: mukamausesa umanka nuchepa, pamene wochokera m'nthaka sutha.

Ngati ukusendeka zikhungu m'malo moyoyoka

Mwala ukamamatuka timapepala topyapyala ngati makoko a anyezi, yang'anani mizere yake. Mwala wamchenga unapangika mosanjikizana ngati mikeka yoyalidwa pamwamba pa inzake, ndipo uyenera kugona m'khoma monga unagonera m'phiri, mizere itapingasa. Koma mwalawu umang'ambika bwino motsata mizereyo n'kupereka nkhope yosalala, ndiye mmisiri wofuna kuti khoma lioneke bwino amauimika, nkhope yosalalayo n'kuyang'ana kunja. Poyamba zimakongoladi. Kenako madzi amalowa pakati pa mikeka ija, mchere n'kumakankha umodzi umodzi. Mwala woimika ulibe mankhwala. Ngati ndi iwiri itatu ichotseni muike yogona, ngati ndi khoma lonse chepetsani madzi mmene mungathere, muziusintha ukafika poipa.

Chifukwa chake simenti yamphamvu imaonjezera vuto

Apa ndi pamene ndimatsutsana ndi amisiri ambiri, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake amakana, poti anaphunzira kuti simenti yambiri ndiyo ntchito yabwino. Pa konkire n'zoona. Pa mwala wofewa wonyowa ayi. Pulasitala wa simenti yambiri salola madzi kutuluka. Madzi amene akanaumira pafupi ndi pansi amakwera kufuna potulukira, ndipo amakatulukira pamwamba pa pulasitalayo kapena m'kati mwa nyumba. Mchere umaunjikana kuseri kwake, pamene mwala wakumana ndi simenti, mpaka chibanthu chonse chimamatuka. Chimodzimodzi m'mizere ya matope olumikiza miyala: matope akakhala olimba kuposa mwala, madzi amatulukira m'mwala, mwala n'kumadyeka, mizere ya simenti n'kutsala itatukuka ngati zisa za njuchi. Mukaona khoma lotero dziwani kuti matope ndiwo analakwika. Penti wa mafuta ndi phula lopaka kunja zimachita zomwezo.

Matope oyenera mwala wamchenga ndi ofewerapo kuposa mwalawo, kuti madzi ndi mchere zizidutsira mwa iwo. Matope akadyeka mumabwezeretsa tsiku limodzi, mwala ukadyeka mumagumula khoma. Muyezo umene umagwira ntchito ndi simenti 1, laimu 1, mchenga 6, kapena laimu 1 ndi mchenga 3 popanda simenti ngati mwalawo uli wofewa kwambiri. Chenjerani pogula: laimu womangira si laimu wothira m'munda. Wa m'munda ndi mwala wongopera, sagwira ngakhale mutadikira chaka. Womangirayo amawotcha khungu ndipo m'maso ndiye woopsa, valani zodzitetezera.

Kukonza kwake

Choyamba tsekani madzi. Sunthani bafa, pezani pena potsukira mbale, zulani zothirira za m'mbali mwa khoma, chotsani dothi limene lakwirira maziko ndipo pozungulira nyumba pakhale potsetsereka kuti madzi azithawa. Ngalande ikhale patali ndi khoma, makamaka pa makande, pamene kukumba m'tsinde mwa maziko kungabweretse mng'alu. Ena amathira konkire wozungulira nyumba, ndipo pa makande zimathandiza kuti dothi lisamanyowe ndi kuuma mosinthasintha. Koma ngati nyumba ilibe pepala lakuda, konkire wogundana ndi khoma amatsekera chinyezi pansi, n'kuchisiyira njira imodzi yokha, yokwera m'mwala. Yambani ndi pepala, konkire abwere pambuyo.

Kulowetsa pepala m'nyumba yomangamanga n'kotheka koma si ntchito ya aliyense. Mmisiri amaboola mzere wa matope chigawo chachifupi, osapitirira mita imodzi, amalowetsa pepala, amatseka bwinobwino, kenako amadumpha chigawo chotsatira n'kukayamba china, kudzabwerera pamene matope oyamba agwira. Mapepalawo azipitirirana m'mapeto. Wina akakuuzani kuti aboola mbali yonse tsiku limodzi, muuzeni apite.

Kenako gumulani pulasitala yense wotupa ndi simenti yolimba ya m'mizere, pang'onopang'ono ndi tchizulo chaching'ono, kuti musabenthule miyala. Sesani mchere ndi bulashi youma ya ulusi wolimba, osati ya waya, imene imakanda mwala n'kusiya dzimbiri. Musatsuke ndi madzi. Madzi amasungunula mchere n'kuubwezera m'kati, mawa umatulukanso. Yalani thumba pansi kuti zosesazo zigwerepo, mukataye kutali, chifukwa mukazisiya pomwepo mvula yoyamba idzazibwezera m'maziko. Ndiye lisiyeni khomalo lamaliseche chilimwe chonse, mukusesa sabata iliyonse. Anthu adzakufunsani ngati ndalama zatha. Ine apongozi anga aamuna anafika pondiitanira pambali n'kunena kuti, "Ngati zavuta nenani, tithandizane, nyumba isamaoneke chonchi." Ndinawafotokozera, sanakhutire, koma khomalo linauma.

Zoyera zikachepa, sinthani miyala imene yadyeka kwambiri. Muyezo wanga ndi wakuti ngati msomali ukulowa ndi dzanja lokha, kapena gawo limodzi mwa magawo atatu a mwala lapita, uchoke. Chotsani umodzi umodzi, osati mzere wonse. Bwezeretsani mizere ndi matope a laimu aja. Ngati mcherewo unali wambiri, pakani m'munsimo pulasitala wofooka dala, laimu 1 mchenga 4, amene ntchito yake ndi kuyamwa mchere m'malo mwa mwala. Adzayoyoka pakapita chaka kapena ziwiri, ndipo akatero musadandaule, wagwira ntchito yake, mumuchotse muike wina. Pamwamba pake pakani laimu wamadzi, osati penti. Kuno laimu amauma msanga kuposa mmene ayenera n'kung'aluka, choncho gwirani ntchitoyi m'mawa kapena madzulo, muphimbe ndi ziguduli zonyowa masiku angapo. Madzi a ntchito yonseyi akhale opanda mchere: a mvula amene munasunga, kapena a mu Shire ngati muli pafupi, mukatunge pamalo pamene anthu akudziwa kuti ng'ona sizivuta. Kulipira ngolo ya migolo iwiri n'kotchipa kuposa kubwereza ntchito.

Madzi osefukira akalowa

Amene anaona madzi a mu Januwale 2015, a namondwe wa Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 akudziwa changu chimene munthu amakhala nacho chofuna kukonza nyumba madzi akangophwa. Pa maziko a miyala changucho chimapweteketsa. Mwala umene wakhala m'madzi masiku angapo wamwa mpaka pakati, ndipo womatidwa ndi dongo umakhala wofooka kufikira utauma. Chotsani matope amene aunjikana m'mbali, onani ngati madzi sanafukule pansi pa maziko, tsegulani zitseko ndi mawindo, koma pulasitala adikire chilimwe. Zoyera zidzatuluka zambiri miyezi yotsatira. Sesani, musamate.

Posankha miyala ina

Kaya mukusintha yodyeka kaya mukumanga yatsopano, yesani miyala musanalipire ngolo. Ugogodeni ndi nyundo: wabwino umalira ngwee, wofooka umangoti phu. Upukuteni ndi chikhatho, ngati mchenga ukutsalira m'manja usiyeni. Ikani zidutswa m'ndowa ya madzi oyera masiku atatu, madzi akachita matope kapena m'mphepete mwa mwala mukafewa, ndi wadongo. Dontho la viniga pa ufa wa mwalawo likachita timathovu ndiye kuti unamatidwa ndi laimu, umene m'khoma la m'mwamba ulibe vuto koma pamalo onyowa nthawi zonse sukhalitsa ngati wa silika. Muyeso umene ndimaukhulupirira kwambiri ndi wochedwa: tengani zidutswa za malo osiyanasiyana, muziviika usiku m'madzi amene mwasungunulamo mchere wambiri, masana muziyanika pa lata padzuwa, mubwereze kakhumi. Mudzaona nokha china chikuyoyoka china chili chilili, ndipo mudzadziwa kumene mukagule.

Miyala yongotola pamwamba nthawi zambiri inafooka kale ndi dzuwa ndi mvula, yabwino ndi yoswa m'kati mwa thanthwe, ndipo ikangoswedwa isiyeni iume milungu ingapo. Ya m'kati mwa Lengwe ndi Mwabvi musaiganizire n'komwe, amenewo ndi malo otetezedwa ndipo kutengamo kanthu ndi mlandu. Mizere iwiri itatu ya pansi penipeni, imene imakhudza dothi, ikani miyala yolimba kuposa yonse imene muli nayo, ngakhale ya mtundu wina, wamchengawo uyambire pamwamba pa pepala.

Yolephera mayeso musataye yonse. Mwala umene timchenga take timachoka pang'onopang'ono ndiwo umanola bwino, chifukwa tobuntha tikachoka pamatuluka takuthwa, ndipo mipeni, zikwanje ndi makasu a pakhomo panga zonse zimanoledwa pa mwala umene ndinauchotsa m'maziko. Pa mphero pokha ayi: mukaperapo mapira kapena mchewere, nsima yake mudzaimva m'mano. Khoma lakuseri lija tsopano lili ndi pulasitala wofooka wachiwiri. Woyamba anatha m'miyezi 14, uyu wadutsa zilimwe ziwiri ndipo wangoyamba kuyoyoka pakona imodzi, pamene panali bafa.